Zenera lomwe limalolera kukhala kumbuyo

Inu a ku Handsworth, a ku Smethwick, a ku Coventry ndi ku Wolverhampton, mwaswera bwanji? Inu amene muli m'basi kupita ku shifiti ya usiku, yendani bwino. Nanunso abale akumudzi amene mukutimvera pa intaneti, takulandirani. Kuno ku Birmingham kukuzizira, ndipo mdima wagwa msanga, monga umachitira miyezi ino.

Ndiyambe ndi funso. Mukatsegula foni yanu kapena laputopu, chimene mumayamba kuona n'chiyani? Musanayimbe, musanalembe uthenga, kumbuyo kwa tizithunzi tonse tija kuli chithunzi chanji? Ena mwaikapo mayi anu. Ena mwana wanu tsiku limene anamaliza sukulu. Ena phiri la Mulanje, ena vesi la m'Baibulo, ena timu yanu ya mpira. Chithunzi chakumbuyocho Azungu amachitcha wallpaper. Lero tikamba za chimenechi. Komatu sitikamba za chithunzi chongoima. Tikamba za momwe munthu angalembere pulogalamu yake, n'kuisandutsa wallpaper yamoyo, yoyenda, yodziwa nthawi.

Ena mwayamba kale kunena kuti, aaa, izi n'zachibwana. Dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzinali linachokera ku makoma a nyumba. Kuno ku England anthu amamata mapepala amaluwamaluwa pakhoma. Mukapita ku Wightwick Manor, ku Wolverhampton, nyumba imene banja la a Mander, opanga penti, linamanga mu 1887, mukaona makoma ovekedwa mapepala a kampani ya William Morris. Ife kwathu timazidziwanso. Amayi amazira khoma ndi dothi lamtundu. Achinyamata amamata nyuzipepala ndi makalendala akale m'gowelo. Koma chitsanzo chimene ndikufuna muchigwire lero ndi cha kwa wojambula zithunzi. Mukukumbukira timasitudiyo ta m'misika ya ku Ndirande kapena Kawale? Kumbuyo kumakhala chinsalu chachikulu, chopentedwa nyumba zazitali, ndege kapena nyanja. Inu mumaima kutsogolo, chinsalu chili kumbuyo. Chinsalucho sichikuphimbani nkhope. Chikabwera kutsogolo, chithunzi chawonongeka. Gwirani pamenepo, chifukwa nkhani yonse yagona apa.

Tsopano ndikuuzeni momwe nkhaniyi inandipezera. Ndili ndi mwana wa mchemwali wanga, amaphunzira za makompyuta pa koleji ina mumzinda muno. Tsiku lina anabwera ndi laputopu yake. Anati, "Amalume, ndikufuna nyanja izioneka ikuyenda kumbuyo kwa mafayilo angawa." Anali ndi kavidiyo ka mafunde a ku Senga Bay, ku Salima, kamene mnzake anamutumizira. Anafunanso kuti pakona pazikhala mawotchi awiri, ina ya nthawi ya Birmingham, ina ya nthawi ya Lilongwe. Chifukwa chake mukuchidziwa nonse. M'nyengo yozizira Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri. Mawotchi akuno akasinthidwa kumapeto kwa Malichi, kusiyana kumatsala ola limodzi, mpaka kumapeto kwa Okutobala. Ndi angati mwa ife amene tinadzutsapo agogo pakati pa tulo chifukwa chosokoneza mawerengedwe amenewa?

Ndinamufunsa kuti, nanga bwanji osangoikapo chithunzi? Anandiyankha kuti chithunzi sichiwerenga nthawi, ndipo sichiyenda. Chimene chimayenda ndi pulogalamu. Ndipo pulogalamu iliyonse yooneka ndi maso imakhala m'zenera lake.

Tiime kaye apa. Kodi zenera pa kompyuta n'chiyani? Ndi kabokosi kaja kamene kamatseguka mukadina pulogalamu. Kalata mukulemba ili m'zenera lake. Facebook ili m'zenera lina. Mazenerawa amasanjikizana ngati mapepala pa tebulo la mu ofesi. Limene mwaligwira limabwera pamwamba, ena n'kutsikira pansi. Nzeru imeneyi inakulira ku Xerox PARC, ku California, kumene anapanga kompyuta ya Alto mu 1973, ndipo inafika m'manyumba a anthu ndi Macintosh ya Apple mu 1984. N'chifukwa chake malo aja amatchedwa desktop, kutanthauza pamwamba pa desiki.

Vuto la mnyamata uja linayambira pomwepa. Zenera lililonse limabadwa ndi khalidwe limodzi: limafuna kubwera kutsogolo. Mukalitsegula, limalumphira pamwamba pa anzake. Limalanda kiyibodi, kuti chilichonse mungalembe chipite kwa ilo. Limadzilembetsa pa mzere wapansi uja, kuti aliyense adziwe kuti lafika. Koma wallpaper iyenera kuchita zosiyana ndi zonsezi. Iyenera kukhala pansi pa onse. Isalande kiyibodi. Isaoneke pa mzere wapansi. Ikhale chinsalu cha kwa wojambula zithunzi chija.

Usiku woyamba anachita zimene aliyense amayamba nazo. Anachotsa mpendero wa zenera, ndi kabatani kotsekera kaja. Analikulitsa kuti lidzaze sikirini yonse. Kenaka analilamula kuti lipite pansi pa mazenera ena onse. Nyanja inaoneka, mafunde akuyenda. Tinakondwa. Koma chisangalalo sichinakhalitse. Tizithunzi tonse ta mafayilo tinasowa. Nyanja inatimiza. Mwaona chimene chinachitika? Zenera linapitadi pansi pa mazenera anzake, koma linali likadali pamwamba pa desktop yeniyeniyo. Chinsalu chinaima kutsogolo kwa anthu ojambulidwa. Ndiye atadina batani la Windows pamodzi ndi chilembo D, lomwe limasesa zonse kuti muone desktop, nyanja nayo inasesedwa.

Apa ndi pamene nkhani inayamba kukoma. Mverani bwino, chifukwa ichi n'chimene ambiri sitidziwa. Desktop ya Windows payokha ndi mazeneranso. Inde. Chimene inu mumachiona ngati khoma lolimba, kwenikweni ndi mazenera angapo osanjikizana. Lalikulu, kholo la pamalopo, dzina lake ndi Progman, dzina lotsalira kuchokera ku Program Manager ya Windows yakalekale. M'kati mwake muli lina limene limanyamula tizithunzi ta mafayilo. Olemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito mawu a pabanja: zenera lina ndi kholo, lina ndi mwana. Mwana amakhala m'kati mwa kholo lake. Kholo likasuntha, mwana amasuntha nalo. Pali kachida kotchedwa Spy++, kobwera ndi Visual Studio ya Microsoft, kamene kamakuonetsani mbumba yonseyi, uyu anabereka uyu, uyu ali pansi pa uyu. Mnyamata uja atakatsegula anangoti, "Amalume, taonani, ndi mudzi wathunthu."

Tsono funso linali lakuti, tilowa bwanji pakati pa khoma ndi tizithunzi? Njira ilipo, ndipo anthu anaipeza pofufuza okha. Mazenera a Windows amalankhulana potumizana mauthenga, ndipo uthenga uliwonse uli ndi nambala yake. Pali uthenga wina, nambala yake amailemba 0x052C, umene Microsoft sanaulembe m'mabuku awo ophunzitsira. Mukautumiza kwa Progman, iye amatsegula zenera lina lopanda kanthu, lotchedwa WorkerW, kumbuyo kwa tizithunzi ta mafayilo. Ndi malo ofanana ndi mpata wa pakati pa khoma ndi mipando. Mukalipeza zenera limenelo, mumaitana lamulo lotchedwa SetParent. Lamuloli limatenga zenera lanu n'kulipereka kwa kholo latsopano.

Kwa ife Achewa izi sizachilendo. Mwana amachoka kwa makolo ake n'kukakhala kwa amalume ake kutauni. Akafika kumeneko amatsata malamulo a nyumba imeneyo. Amadzuka pamene a m'nyumbamo adzuka, amagona pamene iwo agona. Zenera la nyanja lija litaleredwa ndi WorkerW, linasanduka wa m'banja la desktop. Tizithunzi ta mafayilo tinabwerera, tili pamwamba pa madzi. Mausi inkadina mafayilo bwinobwino. Atadinanso Windows ndi D, zonse zinasesedwa, koma nyanja inatsala. Inatsala chifukwa tsopano inali ya pakhomopo.

Ndibwereze, kwa inu amene mwangotsegula wailesi. Tikukamba za kusandutsa zenera la pulogalamu kukhala wallpaper. Tanena kuti kulikankhira pansi kokha sikukwanira. Muyenera kulipezera kholo kumbuyo kwa tizithunzi, ndipo liphunzire kukhala chete pamenepo.

Tsopano titembenukire ku mbali ina. Nzeru imeneyi siyatsopano, ndipo Microsoft eniake anaiyesapo. Mu 1997 anabweretsa Active Desktop, imene inkalola tsamba la intaneti kukhala kumbuyo kwa desktop. Makompyuta a nthawi imeneyo ankalemedwa nayo, ndipo patapita zaka inachotsedwa. Mu 2007 anayesanso ndi DreamScene, yoika vidiyo kumbuyo, koma inali ya okhawo ogula Windows Vista Ultimate, ndipo nayo sinapitirire. Eni nyumba atasiya, anthu wamba anatola. Wallpaper Engine, imene inayamba kugulitsidwa pa Steam mu 2016, ndi yotchuka kwambiri pakati pa osewera magemu. Palinso Lively Wallpaper, yaulere, imene khodi yake ili poyera pa GitHub kuti aliyense aiwerenge. Mnyamata wanga uja anaphunzira zambiri powerenga khodi imeneyo. Safunsa anadya phula. Iye anafunsa, ndipo amene anamuyankha ndi anthu amene sanawaonepo nkhope, amene anasiya ntchito yawo poyera kuti ena aphunzirepo.

Zimenezi zikundikumbutsa za dera lathu lomwe lino. Kuyambira 2004 mpaka 2008, anyamata ena a gulu la okonda Linux la ku Wolverhampton ankajambula pulogalamu yolankhula yotchedwa LugRadio, n'kumaifalitsa pa intaneti. Ankakhala pansi n'kumakambirana za mapulogalamu amene aliyense ali ndi ufulu wowatsegula, kuwawerenga ndi kuwasintha. Anthu ankabwera ku Wolverhampton kuchokera kutali kudzasonkhana nawo. Mmodzi mwa iwo, Jono Bacon, mu 2006 anapatsidwa ntchito yosamalira gulu la anthu othandiza pa Ubuntu. Mwalimva dzinalo? Ubuntu ndi mtundu wa Linux umene anauyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo liwulo ndi lomwe lija ife timati umunthu. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga pa Linux nkhani ya wallpaper imayenda bwanji? Kumeneko khomo ndi lotsegula. Pa dongosolo lakale lotchedwa X, limene linayambira ku MIT mu 1984, pali zenera limodzi limene ndi muzu wa onse. Anthu akhala akujambulapo zinthu zoyenda kuyambira kale, nsomba zosambira, chipale chogwa, dziko lozungulira. Palinso njira yolembedwa poyera: pulogalamu yanu imauza woyang'anira mazenera kuti, ine ndine wa mtundu wa desktop, ndiikeni kumbuyo. Woyang'anirayo amamva. Pa dongosolo latsopano la Wayland malamulo ndi okhwima pang'ono. Zenera silidzisankhira lokha pokhala. Limapempha malo, monga mlendo amapempha malo kwa amfumu, ndipo pa ma desktop ngati KDE ndi Sway pali njira yopemphera malo a kumbuyo kwenikweni.

Kusiyanaku ine kumandikhudza, ndipo ndinena maganizo anga. Njira ya pa Windows imagwira ntchito, koma ndi ya kuseri. Mwini nyumba sanakulonjezeni kanthu. Tsiku lina akhoza kusuntha khoma, inu n'kudzuka pulogalamu yanu yasokonekera. Zoterezi zinachitikadi mu 2024, pamene Windows 11 inasintha kasanjidwe ka mazenera a desktop, ndipo olemba mapulogalamu a wallpaper anayenera kukonzanso ntchito yawo. Kumanga pa malo amene simunapatsidwe kuli ndi mavuto ake, kaya ndi ku Mtandire kaya ndi m'kompyuta. Sindikunena kuti musayese. Yesani, koma mudziwe pamene mwaponda.

Tibwerenso kwa mnyamata uja, chifukwa nkhani yake sinathere pa chisangalalo. Walira mvula walira matope. Patapita masiku angapo anabweranso, nkhope ili yakugwa. Laputopu inkatentha. Kafani ka m'kati kankalira osaleka. Batire limene linkamufikitsa madzulo linkatha masana asanakwane. Mukudziwa chifukwa chake? Vidiyo ija inkasewera nthawi yonse. Ngakhale iye atatsegula zenera lina lodzaza sikirini yonse, nyanja inkapitiriza kuvina kumbuyo, popanda woiona. Zili ngati kusiya mbaula ikuyaka mphika mutaphula kale. Makala akungotha.

Apa ndi pamene ndinaona kuti mwanayu akukula pa ntchito yake. Anakhala pansi n'kuiphunzitsa pulogalamu yake kuyang'ana. Zenera lina likaphimba sikirini yonse, nyanja iime. Chingwe cha magetsi chikazulidwa, nyanja iime, patsale chithunzi chimodzi ndi mawotchi okha. Wotchi nayo anaiuza kuti isamadzijambule kambirimbiri pa sekondi. Kamodzi pa mphindi n'kokwanira. Laputopu inazizira, kafani kanakhala chete. Kwa ife a kuno, amene timadziwa kulemera kwa bilu ya magetsi, izi n'zofunika. Kwa abale akumudzi, amene amatchaja laputopu pa sola kapena kudikira kuti magetsi abwere, n'zofunika koposa. Pulogalamu yabwino ya kumbuyo ndi imene imadziwa nthawi yopuma.

Panalinso tina tating'ono timene tinamuvutitsa. Atalumikiza sikirini yachiwiri, nyanja inang'ambika pakati, chifukwa zenera la WorkerW linayala pa masikirini onse awiri ngati mphasa imodzi, ndipo anayenera kuwerengera yekha pamene sikirini iliyonse iyambira. Tsiku lina Explorer, pulogalamu imene imasunga desktop, inagwa n'kudzukanso. Kholo lija linapita, mwana n'kutsala wopanda pogwira. Anaiphunzitsa pulogalamu kuti zikatero izifunafuna kholo latsopano. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ndisanapitirire, chenjezo limodzi, makamaka kwa makolo. Ana athu amakonda kutsitsa ma wallpaper oyenda pa intaneti. Kumbukirani zimene tanena: wallpaper yoyenda nthawi zambiri ndi pulogalamu, ndipo pulogalamu ikalowa m'kompyuta ikhoza kuchita zambiri kuposa kuonetsa maluwa. Ina imabwera ndi akuba m'thumba, ofuna mapasiwedi anu ndi za kubanki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani kumalo odziwika okha. Ndipo pa kompyuta ya kuntchito, kaya ndi kuchipatala, kunyumba yosamalira okalamba kapena ku ofesi, musaikepo chilichonse popanda chilolezo cha oyang'anira makompyuta. Ntchito ndi imene inatibweretsa kuno. Tisaitaye chifukwa cha mafunde.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga ine wopanda laputopu, izi zikundikhudza bwanji? Yang'anani foni yanu. Mafoni a Android akhala ndi wallpaper zoyenda kuyambira 2010, ndipo kumeneko njira yake ndi yovomerezeka, yolembedwa poyera. Galasi limene mumalisisita ndi chalalo nalo lili ndi mbiri ya kufupi ndi kuno. Ku Malvern, m'boma la Worcestershire, kumwera kwa Birmingham, katswiri wina dzina lake E. A. Johnson analongosola za sikirini yomva chala mu 1965, pofuna kuthandiza oyang'anira kayendedwe ka ndege. Zinthu zimene tili nazo m'matumbazi zinapangidwa ndi anthu, ena a iwo ankakwera sitima zomwe timakwerazi.

Ichi n'chimene chimandipweteka mtima, abale anga. Ana athu amatha maola ambiri akuyang'ana pa sikirini, koma ambiri amaiona ngati mwala, chinthu chimene chinabwera chotero ndipo sichisinthika. Timawagulira zida zodula, iwo n'kumangodina zimene ena anawakonzera. Koma mwana amene wayesapo kulowetsa zenera lake kumbuyo kwa desktop saionanso kompyuta chimodzimodzi. Wadziwa kuti mazenera ali ndi makolo. Wadziwa kuti amatumizana mauthenga. Wadziwa kuti chokongola chili ndi mtengo wake pa batire, ndipo waphunzira kuwerenga khodi ya anthu ena. Zonsezi wazipeza pofuna chinthu chaching'ono, nyanja ya kwawo pa sikirini. Ndiye mwana wanu akakhala pakona akulimbana ndi zotere, musafulumire kumukalipira kuti akusewera. Khalani naye pansi. Mufunseni kuti, mwana wanga, ukupanga chiyani? Muloleni akufotokozereni, ngakhale simumva zonse. Ngati pakhomo palibe kompyuta, pitani naye ku Library of Birmingham, pa Centenary Square, imene Malala Yousafzai anaitsegula mu 2013. Makompyuta a kumeneko sangakuloleni kusintha desktop, koma mabuku ndi intaneti zilipo, ndipo kuwerenga ndiye poyambira.

Kwa inu achinyamata amene mukufuna kuyesa sabata ino, yambani pang'ono. Musayambe ndi vidiyo. Yambani ndi zenera la mtundu umodzi, lobiriwira kapena lofiira, lopanda mpendero. Lilowetseni kumbuyo kwa tizithunzi. Likakhazikika, ikanipo wotchi. Vidiyo ibwere pomaliza. Ndipo musaiwale kudzisiyira njira yotsekera, chifukwa zenera lopanda kabatani kotsekera, lobisika kumbuyo, silitsekeka ndi mausi. Ikani kachizindikiro pafupi ndi wotchi ya kompyuta, kuti mukadina pamenepo pulogalamu ichoke, wallpaper yakale ibwerere pamalo pake.

Lamlungu lapitali ndinapita kukawaona a mchemwali anga. Anali atangofika kuchokera ku shifiti, atatopa. Laputopu ya mwana wawo inali pa tebulo, yotsegula. Anaima, n'kuyang'ana mafunde a ku Senga Bay akubwera ndi kubwerera kumbuyo kwa mafayilo a sukulu. Kenaka anayang'ana pakona, pa wotchi ya Lilongwe. Anati, "Amayi sanagone, nthawi ikadalipo." Anatenga foni n'kuimba.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Inu a m'basi, fikani bwino kuntchito. Inu akumudzi, mugone bwino. Tikumanenso sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino.